Pulena ikabedwa, amagula ndani?

Lero tili pa Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Kaluluma, pamsewu wa M1 uja umadutsa pa Chatoloma kulowera ku Jenda. Tikambirane za amisiri amene amagwirira ntchito pakhomo pawo, ndi akuba amene amawasowetsa tulo.

Anthu odutsa pa basi amadziwa Nkhamenya chifukwa cha mishoni ya Katolika, chipatala chake, ndi sukulu ya atsikana ya Nkhamenya Girls. Koma mukatsika n'kulowa kuseri kwa masitolo mumamva phokoso lina: galayinda ikulira pa chitsulo, sowo ikudya thabwa, makina osokera akugunda pakhonde. Dera lino ndi la fodya, ndipo fodya sayenda yekha. Amafuna ngolo yomututa kumunda, amafuna jeke yodindira mabelo, amafuna wowotcherera pamene ekiselo ya ngolo yathyoka. Mlimi akabwerako ku okushoni ku Chinkhoma, ndalama yake imathera kwa kalipentala wopanga bedi ndi chitseko, kwa wowotcherera mafelemu a mawindo, kwa telala wosoka yunifolomu ya ana, kwa mnyamata wokonza njinga yamoto ya kabaza. Ambiri mwa amisiri amenewa alibe shopu yalendi pamsewu. Ntchito yawo ili m'kashedi kuseri kwa nyumba, kapena m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo chimanga.

Kubedwa kwa zida kumawawa mosiyana ndi kubedwa kwa mbuzi kapena wailesi. Woberedwa mbuzi wataya mbuzi. Woberedwa makina owotcherera wataya makinawo, wataya ndalama yomwe akanapeza mawa ndi mkuja, ndipo watsala ndi ngongole, pakuti eni ntchito anapereka kale ndalama ya chikole ndipo akudikira katundu wawo. Onjezanipo mitengo. Zida zamagetsi zambiri zimene amisiri athu amagwiritsa ntchito zimachokera kunja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Galayinda yomwe mmisiri anagula zaka zapitazo, lero sangaibwezeretse ndi ndalama zomwezo. Mnyamata amene anaphunzira ntchito kudzera ku TEVETA n'kusonkhanitsa zida chimodzichimodzi, akamubera usiku umodzi amabwerera kukagwira ganyu pa esiteti.

Tsono tiyambe ndi funso limene ambiri safuna kulifunsa. Wakuba uja anadziwa bwanji kuti jenereta imagona kuseri kwa chitseko, kudzanja lamanzere, yofunditsidwa chiguduli?

Timakonda kunena kuti akuba achokera kutali, atsika pa lole usiku, awolokera ku Zambia kudzera njira ya ku Lundazi. Otero alipo, ndipo msewu waukulu umawathandizadi kuthawitsa katundu msanga. Koma mlendo sadziwa pomwe pali jenereta. Sadziwa kuti galu wa pakhomopo anafa mwezi watha, sadziwa kuti mwini shedi wapita kukaperekeza fodya ndipo agona komweko. Amadziwa zimenezi ndi munthu amene amakhala pa benchi yanu masana akucheza, amene anabwereka sipanala dzana n'kuona pomwe mwaitenga, kapena amene munamuchotsa ntchito musanamulipire zonse. Pa shedi ya mmisiri ndi pabwalo, aliyense amafikapo, ndipo ndi bwino kutero chifukwa makasitomala amachokera pamenepo. Koma kucheza kuthere panja pa mthunzi. M'kati mosungira zida muzilowa inu ndi munthu mmodzi amene mumamudalira, basi.

Nkhani ya anyamata ophunzira ntchito ndi yovuta, ndipo ndiyankhule mosamala. Ambiri ndi okhulupirika, ndipo popanda iwo ntchito siyenda. Koma kawirikawiri wophunzirayo ndi mphwanu, mwana wa achemwali, kapena mlamu. Tchizulo ikasowa simunena kanthu. Sikweya ikasowa mumangong'ung'udza. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo amisiri ambiri asauka chifukwa choopa kuswa mkhate wa chibale. Njira yosayambanitsa ndiyo kuwerenga zida pamodzi madzulo aliwonse, onse akuona. Khomani thabwa pakhoma, chida chilichonse chikhale ndi msomali wake, ndipo mujambule chithunzithunzi chake ndi penti pamalo pomwe chimapachikidwa. Hamala ikasowa, malo ake amaonekera okha aliyense asanaweruke. Simunaloze munthu chala, koma aliyense wadziwa kuti pano zinthu zimawerengedwa. Komanso wophunzira amene mumamupatsa kangachepe pa ntchito iliyonse yomwe wathandiza sakhala ndi chifukwa chodzilipira yekha ndi pulena yanu.

Makiyi nawo. Kiyi wogona pansi pa njerwa pafupi ndi chitseko si chinsinsi, mudzi wonse ukudziwa. Munthu akasiya ntchito, kaya mwasiyana bwino kaya moipa, sinthani loko. Kudulitsa kiyi wina pa msika n'kwa mphindi zochepa.

Tibwere ku chitseko. Ndaona amisiri ambiri, ena mwa iwo opanga zitseko zachitsulo za anthu ena, atagula loko yaikulu yonyezimira n'kuipachika pa kachitsulo kogwidwa ndi masikuluwu anayi oonekera panja. Wakuba salimbana ndi lokoyo. Amamasula masikuluwu, kapena kulowetsa chitsulo kuseri n'kukanula, thabwa lofumbwa n'kung'ambika. Pomangira loko pagwidwe ndi mabawuti oboola chitseko mpaka m'kati, manati ake akhale m'kati, ndipo kuseri kwake kukhale chitsulo chophwatalala kuti thabwa lisang'ambike. Ngati chitseko ndi chachitsulo, wotchererani kabokosi kachitsulo kophimba lokoyo, kotsegula kunsi kokha, koti dzanja ndi kiyi zilowe koma chodulira zitsulo chisapeze pogwira. Ntchito imeneyi wowotcherera aliyense pa Nkhamenya angaichite ndi zidutswa zomwe zimangotayika pansi. Mukatero, tembenukirani ku mbali ina ya chitseko. Mahinjesi akakhala panja, munthu amangogogoda kachitsulo kapakati n'kuchotsa chitseko chonse, loko ili chitsekere. Aikeni m'kati, kapena wotchererani mitu yake. Ndipo ngati shedi ili yolumikizana ndi nyumba, mpiringidzo wa makolo uja, woyikidwa m'kati inu n'kutulukira khomo la kunyumba, umaposa maloko ambiri a m'sitolo chifukwa panja sipaoneka chodula.

Koma chitseko cholimba pa khoma la zidina n'kudzinamiza. Njerwa zosawotcha, kapena zowotcha koma zomangidwa ndi dothi, wakuba amazithira madzi, n'kumazisolola imodziimodzi mwakachetechete mpaka papezeke polowa munthu. Si onse angathe kumanganso ndi simenti, mtengo wa thumba la simenti tonse tikuudziwa. Chomwe mungathe ndi kupaka pulasitala ya simenti m'munsi mwa khoma, makamaka khoma lakumbuyo loyang'ana kumunda, ndi kusanja matabwa olemera kapena benchi yaikulu m'kati motsamira khomalo. Denga nalo ndi khomo. Lata limazulidwa misomali itatu n'kupindidwa, munthu n'kutsikira m'kati. Pindani misomali kunsi kwa mitengo ya denga, mangani mitengoyo ku khoma ndi waya wolimba, ndipo pamwamba pa malo osungira zida zodula yalani mawaya kapena zitsulo zowotcherera kunsi kwa malata.

Ndinene mosabisa, palibe shedi yomwe singathyoledwe. Zonsezi n'zongomuchedwetsa wakuba ndi kumukakamiza kuchita phokoso. Akaona kuti ntchito ya mphindi zisanu yasanduka ya ola lathunthu, ndipo galu wayamba kuuwa, amasiya. Nchifukwa chake zida zochepa zodula kwambiri zisagone m'shedi n'komwe. Galayinda, dirilo, makina ang'onoang'ono owotcherera aja onyamula ndi dzanja limodzi, invita, batire: izi zilowe m'nyumba momwe mukugona. Atelala akale ankadziwa zimenezi, madzulo amamasula mutu wa makina a Singer n'kulowa nawo kuchipinda, panja n'kutsala tebulo ndi chopondera. Zomwe sizinganyamulidwe tsiku ndi tsiku, monga jenereta kapena makina aakulu owotcherera, zimangidwe ndi tcheni ku ngowe yachitsulo yozikidwa mu konkire pansi. Ena amawotcherera bokosi lachitsulo n'kulimangirira pansi ndi mabawuti, kuti ngakhale wakuba alowe apeze khomo lachiwiri. Musaiwale mawaya a makina owotcherera. M'kati mwake muli kopa, ndipo kopa ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakutha, msika womwewo umene umachititsa kuti mathiransifoma ndi mawaya a ESCOM aziwonongedwa. Sola ya padenga imangidwe m'felemu yowotcherera, osati kungotsamiritsa ndi njerwa ziwiri.

Ndipo chonde, musasiye chodulira zitsulo, mgwala kapena makwerero panja. Kumeneko n'kumubwereka wakuba zida zoti akuthyolereni nazo.

Akuba nawo ali ndi kalendala yawo, ndipo imatsata ya fodya. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, matenanti ndi aganyu chakudya chawathera, fodya akadali m'munda, ndipo kanthu kalikonse kogulitsika kamakopa. Ndi nthawi yomweyonso mvula imagunda pa malata usiku wonse, moti munthu angazule denga la shedi inu osamva. Msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri cha mu Epulo, vuto limasintha nkhope. Tsopano ndalama ili m'matumba, ogula katundu wotchipa achuluka, magalimoto onyamula mabelo akuyenda usiku, ndipo shedi yanu yadzaza ndi katundu wa makasitomala. Palinso masiku amene mudzi wonse umachoka pakhomo: kukagona pa maliro, ku mapemphero a usiku wonse, ku ukwati. Sindikunena kuti musapite ku maliro, m'mudzi simukhalika motero. Koma pakhomo pomwe pali zida patsale munthu wamkulu, ndipo anthu a m'mudzi azimvetsa kuti wotsalayo sanathawe mwambo.

Kuwala kumathandiza. Pali timagetsi ta sola tomwe timayaka tokha munthu akadutsa, ndipo ubwino wake sitidalira ESCOM, pakuti magetsi akazima ndi pomwe mdima umakomera akuba. Galu amathandiza, koma galu wanjala amagulidwa ndi fupa. Mlonda amathandiza ngati amisiri angapo oyandikana asonkha n'kumamulipira pa nthawi yake. Mlonda wa miyezi itatu osalandira kanthu ndi munthu amene akudziwa bwino katundu wanu ndipo ali ndi mangawa nanu. Za chambu ndi kutsirika sinditsutsana ndi munthu, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma amene anatsirika shedi awotchererenso mahinjesi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachite. Ena amalumikiza waya wa magetsi ku chitseko kapena ku mawindo usiku kuti wakuba agwidwe ndi shoko. Magetsi sasankha. Amene adzagwire chitsekocho m'mamawa akhoza kukhala mwana wanu wothamangira mpira, kapena mayi a kunyumba akukatenga tsache. Munthu akafa, kaya ndi wakuba, mlandu ndi wanu.

Tsopano tifike pa mutu wa nkhani yathu. Wakuba pulena sakapala nayo matabwa. Wakuba makina owotcherera nthawi zambiri sadziwa n'komwe kugwira ndodo yowotcherera. Amaba kuti akagulitse, ndipo wogula zida za umisiri ndi mmisiri. Si mphunzitsi wa pa sekondale, si namwino wa pa mishoni. Ndi kalipentala mnzanu wa pa Chatoloma, wowotcherera wa ku Jenda, wokonza njinga wa pa Kasungu boma, kapena inuyo amene mukundimvera. Mnyamata akafika madzulo ndi galayinda m'thumba la feteleza, n'kunena kuti abwana, ndapanikizika, ingondipatsani iliyonse, mtengo wake theka la theka, mumadziwa. Tisanamizane, mumadziwa. Mumangosankha kusafunsa. Mukagula, mwamulipira kuti akabenso, ndipo tsiku lina shedi yomwe adzathyole ndi yanu, chifukwa tsopano waona zomwe muli nazo.

Malamulo a dziko lino sakusiyani kunja. M'buku la milandu ndi zilango, Penal Code, kuba kuli pa gawo 278, kuthyola nyumba yonga sitolo kapena shedi n'kupalamulamo mlandu kuli pa gawo 311, ndipo kulandira katundu wobedwa kuli pa gawo 328. Wogula katundu amene akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wobedwa amakaima m'khoti ngati wakubayo. Kunena kuti ndinangogula sikupulumutsa pamene mtengo ndi nthawi yomwe munagulira zikuchitira umboni.

Choncho chitetezo chachikulu, kwa ine, ndi kuchititsa kuti chida chanu chikhale chovuta kugulitsa. Chilembeni. Wowotcherera alembe zilembo za dzina lake ndi moto pa chitsulo cha makina, pamalo oonekera. Kalipentala adinde dzina pa pulena ndi pa sowo, awotche chizindikiro pa zigwiriro zamatabwa. Pakani zida zonse penti ya mtundu umodzi, yonyansa ndithu, kuti aliyense pa Nkhamenya azidziwa kuti zida zachikasu ndi za uje. Ena amati chida chopakidwa penti chimatsika mtengo. Inde, ndipo n'chomwe tikufuna. Kenako ikani chizindikiro chachiwiri pobisika, m'kati mwa chivundikiro kapena kunsi kwa chigwiriro, chomwe mukudziwa inu nokha. Wakuba adzapala dzina loonekeralo, koma lobisikalo lidzakuyankhulirani pa polisi.

Chida chilichonse chamagetsi chili ndi nambala yake pa kachitsulo kapena pa kapepala komatidwa pambali. Jenereta ili ndi nambala ya injini. Lembani manambalawa m'kope, jambulani zidazo pa foni, ndipo zithunzizo tumizani pa WhatsApp kwa m'bale wanu, chifukwa foni nayo imabedwa. Malisiti asungidwe m'nyumba, osati m'shedi momwemo. Apolisi akagwira munthu ndi magalayinda atatu, amafunsa kuti yanu ndi iti, ndipo umboni wake uli kuti. Kuyankha kuti ndikuidziwa kalilidwe kake sikuthandiza pamaso pa majisitireti. Anthu ambiri alephera kutenga katundu wawo ali pamaso pawo chifukwa chosowa kapepala.

Kope lomwelo likhale ndi tsamba la katundu wa makasitomala. Njinga yamoto yobwera kudzakonzedwa, matayala a ngolo, nsalu za ukwati, pampu yothirira: lembani tsiku, mwini wake, ndi nambala ngati ilipo. Zikabedwa, mkangano wa kwa amfumu umakhala waufupi. Komanso kope limakutetezani inu, pakuti nthawi zina chinthu chobwera kudzakonzedwa kapena kudzasinthidwa penti chimakhala chobedwa kale. Munthu wokana kulembedwa dzina, mubwezereni katundu wake. Ndipo ntchito ikatha, muimbireni mwini wake adzatenge. Shedi si nkhokwe yosungira katundu wa anthu mpaka adzagulitse fodya.

Amisiri a pamalo amodzi amapikisana, n'zoona, koma pa nkhani iyi akuyenera kukhala pamodzi. Ambiri muli kale m'magulu a banki mkhonde. Gulu lomwelo lingagwirizane kuti palibe wogula chida chakale popanda lisiti kapena mboni yodziwika, ndi kuti wina akaberedwa, uthenga ndi zithunzi zifike kwa amisiri onse a m'mbali mwa M1, kuyambira Kasungu mpaka Jenda, dzuwa lisanakwere. Katundu wobedwa amayenda m'maola oyambirira. Akabaza ndi makondakitala amaona zambiri m'bandakucha, auzeni msanga. Ogula zitsulo zakutha nawonso afikireni, awone zithunzi. A chitetezo cha m'mudzi, aja timawatcha a neba, amene amagwira ntchito ndi apolisi, adziwe kuti m'dera lawo muli mashedi angati ndipo ali pati. Ngati mumafuna azizungulira usiku, musathawe akabwera kudzatolera ya mabatire a tochi.

Zikachitika, mwadzuka m'mawa mwapeza khoma laboola, musalole khamu kupondaponda pamalopo. Mapazi, matayala a njinga kapena wilibala, chitsulo chomwe anathyolera, zonsezi ndi umboni. Jambulani, dziwitsani amfumu ndi a neba, pitani ku polisi ya pa Nkhamenya ndi kope lanu la manambala, ndipo muonetsetse kuti dandaulo lanu lalembedwa. Mukamva kuti chida chanu chaoneka kwa uje, musapite nokha ndi chikwanje, pitani ndi wapolisi kapena mboni za kwa amfumu. Ndipo wakuba akagwidwa, ndikudziwa mkwiyo wa munthu amene waberedwa chakudya cha ana ake, koma kumumenya mpaka kufa kapena kumuwotcha ndi mlandu wakupha, ndipo nthawi zina wophedwayo amakhala kuti si iye. Kuwonjezera apo, iye yekhayo ndi amene akudziwa komwe makina anu agulitsidwa ndi amene amamutuma. Akafika ku polisi wamoyo angatchule wogulayo, ndipo gawo 328 lija limayamba kugwira ntchito.